Mtima wa Lolemba M'mawa

Njinga yanga inaphulika tayala nditangodutsa magolosale a pa Chinguluwe, Lolemba lina mu Julayi, mwera ukuulutsa fumbi ndi timaubweya ta thonje. Wokonza njinga anangondilozera benchi ndi sipanala. Patsogolo panga panali njinga zitatu, ziwiri za kabaza, ndiye ndinadziwiratu kuti ndikhalitsa. Ndinakhala pansi pa mtengo wa nimu, pafupi ndi akuluakulu a bawo, mayi wina akukazinga zitumbuwa chapambali.

Kuno ndi kwa thonje kuyambira masiku a sikimu, nthawi ya Kamuzu, ndipo msika ukatsegulidwa sufunika kufunsa ngati anthu alandira. Malata atsopano amadutsa pa ngolo, amayi amatchena zitenje zosachapidwapo, amuna ena amayenda dzandidzandi dzuwa lisanafike paliwombo.

Mwini wa imodzi mwa njinga za kabazazo, bambo wa zaka za m'ma 30, wojintcha bwino, anali atatsamira tsinde la nimu, dzanja lili pachifuwa.

"Bwanji aise, lero wangoti ndwii?" anamufunsa mnzake.

"Mtima, aise. Wandidzutsa tambala woyamba asanalire. Ukungophiriphitha muno ngati chambo choti angochiponya m'bwato. Uthamange, uime, uthamangenso. Ndamwa madzi, ayi ndithu."

"Matsire amenewo," anatero mkulu wina wa chipewa, maso ali pa bawo. "Pita kuseriko ukagwetse kamodzi, uona mtima ukhala pansi. Mowa amachotsa ndi mowa unzake."

Anthu anaseka. Amene sanaseke ndi bambo wa imvi amene ankasewera ndi mkulu wa chipewayo, amene onse pamenepo ankawatchula kuti adokotala. Ndinamva pambuyo pake kuti anagwira ntchito zaka zambiri m'zipatala zazing'ono za boma asanapume n'kubwerera kumudzi kudzalima. Anakhuthulira njere za bawo m'dzenje, n'kupukuta manja.

"Tabwera kuno, mwanawe. Bweretsa dzanja."

Anaika zala zitatu pamkono wa mnyamatayo, m'munsi mwa chala chachikulu, maso ali pa wotchi. Ngakhale wokonza njinga anasiya kupala chubu. Mphindi inatha anthu ali zii.

"Wagunda ka 128, ndipo sukugunda mofanana. Unayamba liti kumwa?"

"Lachisanu, titangochoka ku sikelo."

"N'kusiya liti?"

"Dzulo usiku, adokotala."

"Nsima?"

"Kanyenya basi, ndi tchipisi pang'ono."

Adokotala sanamukalipire. Anatembenukira kwa tonse amene tinali pamenepo, dzanja la mnyamatayo akadaligwirabe.

"Munaonapo amayi awiri akusinja mtondo umodzi. Wina musi m'mwamba, wina musi pansi, osagundana. Mtima nawo ndi choncho. Uli ndi zipinda zinayi, ziwiri zam'mwamba zolandira magazi, ziwiri zam'munsi zowapopa. M'chipinda cham'mwamba chakumanja muli kamalo kamene kamatsogolera nyimbo. Kamatulutsa kamphamvu ngati ka magetsi, zam'mwamba zifinye, kenako zam'munsi zifinye. Munthu wamkulu akakhala phee, zimenezi zimachitika ka 60 mpaka ka 100 pa mphindi. Tsono mowa ulowe masiku atatu otsatizana, munthu osadya, osagona, akungokodza, michere ya m'magazi ikutayika. Malo ena m'zipinda zam'mwambazo amayamba kutsogolera nawo, aliyense nyimbo yake. Zipindazo zimaleka kufinya, zimangonjenjemera, ndipo zam'munsi zimagunda chisawawa. Uyu misi yake yayamba kugundana."

"Ndiye uphulika?" anafunsa mnzake uja, nkhope itasintha.

"Suphulika. Kawirikawiri umabwerera mwakale pakatha tsiku limodzi kapena awiri munthu akaleka kumwa. Choopsa ndi magazi. Akamazengereza m'chipinda chonjenjemeracho amaundana. Kachibulumwa kakachoka pamenepo n'kukatseka mtsempha wa ku ubongo, munthu amagwa, pakamwa kupotoka, mkono ndi mwendo kufa mbali imodzi. Ndi sitiroko imeneyo, imene kumudzi mumati munthu amumenya hamala usiku."

Kusokonekera kwa mtima kumene adokotalawo anakumva ndi zala, m'mabuku a zachipatala amakutcha atrial fibrillation, ndipo munthu amene ali nako amakhala pa chiopsezo cha sitiroko pafupifupi kasanu kuposa mnzake amene alibe. Kuti mowa umakuyambitsa zinadziwika kale. Mu 1978 dokotala wina wa ku New Jersey ku America, Philip Ettinger, analemba za odwala 24, onse akumwa kwambiri, amene ankabwera kuchipatala mtima utasokonekera. Ataona masiku amene ankabwera, anapeza kuti ambiri ankafika pakati pa Lamulungu ndi Lachiwiri, enanso nyengo ya Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Anautcha holiday heart, kutanthauza mtima wa patchuthi.

Ife kuno tchuthi chathu sichili pa kalendala. Chimabwera ndi sikelo ya thonje. Ku Lifuwu chimabwera ndi mpunga. Ku Senga Bay chimabwera usipa ukagwidwa wambiri mwezi uli mumdima, anyamata n'kutsika m'maboti m'mawa ndalama zili m'manja, tulo tili m'maso. Munthu amene wakhala miyezi yambiri osagwira ndalama amazigwira zonse tsiku limodzi, ndipo ludzu la miyezi yonseyo amafuna alithetse Loweruka limodzi. Ambiri mwa iwo si zidakwa za tsiku ndi tsiku, ndipo akamanena kuti "ine ndimamwa mwa apo ndi apo" sanama. Koma kamwedwe kotereka, kochuluka nthawi imodzi, ndi komwe kamagundanitsa misi. Nditakhala pa benchi paja ndinakumbukira amuna angapo amene ndinawamvapo akudandaula zomwezi Lolemba m'mawa, ndipo ndinawawidwa mtima kuti tonse tinkangoti ndi matsire.

Mkulu wa chipewa sanagonje msanga.

"Alamu, inu mumaopseza ana. Ine chaka chatha kunabwera azaumoyo pa msika kudzayeza BP. Ndinali nditalawa kale mabotolo anga atatu. Anandiyeza, anati zili bwinobwino. Ndiye mowa ukanakhala woipa bwenzi makina atanena."

"Munapita molakwika nthawi, alamu. Mukanapita m'mawa mwake."

Apa adokotala anafotokoza chinthu chimene ndikuganiza kuti chanamiza amuna ambiri. Mowa ukangolowa m'magazi umamasula mitsempha. N'chifukwa chake munthu amamva kutentha, thukuta kamukamu ngakhale mwera ukuwomba, n'kumati magazi akuyenda bwino. Pa maola oyambawo BP imatsikadi, ngakhale mtima umakhala ukuthamanga kuposa nthawi zonse. Koma pakadutsa maola pafupifupi 12, mowa ukutha m'thupi, mitsempha imakungika ndipo BP imakwera kupitirira pamene inali. Womwa Loweruka usiku BP yake imamupeza Lamulungu masana. Womwa tsiku lililonse thupi lake silipeza mpata wobwerera mwakale, BP imakhazikika pamwamba, kupitirira 140 ndi 90 paja amanena kuchipatala, ndipo mtima umapopa ngati munthu wopalasa njinga yonyamula matumba pa chitunda chosatha.

"Koma ine sindimva kalikonse," anatero mkulu wa chipewa.

"BP siimveka. Mutu ukhoza osapweteka n'komwe."

Izi si za pa Chinguluwe pokha. Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unachita mu 2009 mothandizana ndi bungwe la WHO, pa anthu a zaka 25 mpaka 64 m'dziko lonse lino, anapeza kuti munthu mmodzi mwa atatu aliwonse anali ndi BP yokwera: amuna 37 mwa 100, akazi 29 mwa 100. Mwa anthu a BP yokwerawo, oposa 90 mwa 100 sankadziwa. Kafukufuku yemweyo anapeza kuti amuna 30 mwa 100 ankamwa mowa, pamene akazi anali 4 okha. Si mowa wokha umene umakweza BP. Mchere ulipo, kunenepa kulipo, zakumtundu zilipo, ukalamba ulipo. Koma mowa ndi chimodzi mwa zimene munthu angachepetse sabata ino n'kuona kusintha pa makina mwezi usanathe.

Nthawi yonseyi mayi wa zitumbuwa ankangotembenuza zitumbuwa zake, osayankhulapo. Kenako anaphula chiwaya pamoto, n'kubwera pafupi, akupukuta manja pa chitenje.

"Adokotala, ine ndifunse. Nanga kutupa mapazi?"

"Funsani, mayi."

"Mlongo wanga, amene ndinapondana naye, anali kuchikamwini cha ku Khombedza uko. Kachasu anayamba ali mnyamata. Sanali wandewu ayi, ankamwa n'kukagona. Chaka china anayamba befu. Kulima mzere umodzi, apume. Kenako mapazi anatupa, nsapato osalowa. Ukadina ndi chala pamsongolo, dzenje limatsala. Usiku sankagona chagada, ankati akubanika, ankagona chokhala atatsamira khoma. Ife kwathu tinati ndi mdulo. Tinati mlamu wathu wayenda njira zina n'kumathira mchere m'ndiwo."

Anaima kaye. Palibe anamudula mawu.

"Ine ndemwe ndinali patsogolo. Ndinamunena mayi uja pamaso pa ankhoswe, mawu oti sindingawabwereze pano. Tinakamutenga mlongo wathu, tinayenda naye kwa asing'anga awiri. Pomafika naye ku chipatala cha boma ku Salima, mimba nayo inali itatupa. Anamujambula pachifuwa. Dokotala anatiitana, n'kutionetsa chithunzicho pa windo. Anati taonani mtima, wadzaza chifuwa. Funso lake loyamba linali lakuti, bambowa amamwa? Anatha miyezi inayi."

"Nanga mlamu wanuyo?" ndinafunsa ine, mawu atangondipulumuka.

"Alipo. Anabwera pa maliro, anaphika nawo. Mpaka lero ndikakumana naye ndimasowa poyang'ana."

Ndaganizira za mayi wa ku Khombedza ameneyo kuposa wina aliyense wa mu nkhaniyi, ngakhale sindinamuonepo. Zaka zonse ankatola mwamuna wake pakhomo usiku, kumuvula nsapato, kumusungira nsima. Mwamunayo atadwala ndi zomwe ankamwa poyera, mudzi wonse ukuona, mlandu unagwera iye, pa chinthu chimene palibe anachiona. Zizindikiro zimene makolo athu ankazitcha mdulo, kutupa miyendo ndi nkhope, chifuwa, kufooka, ndi zomwezonso zimene mtima wotopa umaonetsa. Sindikunyoza makolo, iwo analibe makina ojambulira. Koma ife tili nawo, ndipo nthawi imene banja limathera pa bwalo la ankhoswe ndi nthawi imene mtima ukanathandizidwa.

Adokotala anatambasula dzanja kwa wokonza njinga. "Tandibwereka chubu chakalecho."

Anachikoka, n'kuchisiya. Sichinabwerere, chinangoti lende.

"Chubu chatsopano ukachikoka chimabwerera ndi mphamvu. Ichi chatha. Mtima ndi mnofu, ndipo mowa ndi poizoni ku mnofu umenewo. Zaka zikamapita, makoma ake amafooka, amatanuka, zipinda zimakula. Pa chithunzi umaoneka waukulu, wina n'kumayesa ndi mphamvu, chonsecho ndi kulendewera. Ukafinya, magazi ambiri amatsalira m'katimo. Obwera m'mbuyo amasowa polowa, ndiye madzi amadikha m'mapapo, munthu n'kumabanika akagona, amadikhanso m'mapazi ndi m'mimba. Si kutupa kulikonse kumene kuli kwa mowa, mayi. Impso zimatupitsa, chiwindi chimatupitsa, BP yosasamalidwa imatopetsa mtima chimodzimodzi, ndipo ena mtima unawonongeka ali ana chifukwa cha zilonda zapakhosi. N'chifukwa chake timati kayezetseni. Koma mlongo wanuyo, momwe mwafotokozeramu, dokotala uja sanafunse molakwa."

"Akanasiya akanachira?"

"Akanasiya befu litangoyamba, n'kulandira mankhwala, mwayi unalipo. Mtima umasiyana ndi chubu pamenepa. Ndaonapo ena atasiyiratu mowa, patatha miyezi ingapo akupalasanso njinga. Koma kusiyiratu, osati kuchepetsa."

Matenda amenewa si achilendo kwa azungunso. Mu 1884 dokotala wina wa ku Munich ku Germany, Otto von Bollinger, ankapeza mitima ikuluikulu yolendewera m'mitembo ya amuna a mumzindawo, kumene mowa unkamwedwa ngati madzi, mpaka matendawo anapatsidwa dzina la mtima wa mowa wa ku Munich. Masiku ano madokotala amati amene ali pa chiopsezo chachikulu ndi womwa magalamu 80 a mowa weniweni kapena kuposa tsiku lililonse kwa zaka zisanu kupita m'tsogolo. Magalamu 80 akumveka ngati chinthu cha m'buku, koma ndi mabotolo 6 kapena 7 a Carlsberg. Kwa womwa kachasu waukali ngati jini wa m'sitolo, muyeso umenewo sudzaza n'komwe botolo la Fanta. Ndipo kachasu alibe chizindikiro cha ukali wake. Botolo loyamba kutcheza ndi lomaliza si zofanana, wogula amangodziwira pakhosi. Akazi mtima wawo umawonongeka ndi muyeso wocheperapo.

Adokotala anawonjezapo za madeya, zimene sindinaziganizirepo. M'madeya muli vitamini B1, imene mnofu wa mtima umafuna kuti ugwire ntchito. Ife timakonola chimanga, madeya n'kupita mu mgolo wa kachasu pamodzi ndi shuga. Potcheza, vitaminiyo imatsalira mu mgolomo, m'botolo mumangopita mowa. Womwayo akadya n'komwe, amadya nsima yoyera pang'ono, ndipo mowa umatsekereza matumbo kuti asatenge ngakhale kavitamini kochepa kamene kalimo. Kusowa kwa vitamini imeneyi pakokha kumatupitsa mapazi ndi kufooketsa mtima. "Mgaiwa, nyemba, mtedza," anatero adokotala, akuwerenga ndi zala. "Koma musamve ngati ndanena kuti mukadya mgaiwa mwapeza chilolezo."

Mkulu wa chipewa anali atasunga mfundo yake yaikulu. Anakankhira chipewa kumbuyo.

"Ine ndakhalako ku Joni zaka 9, alamu. Ku Cape Town ndinkagwira ntchito ya m'dimba kwa mzungu wina wa zaka 80. Tsiku lililonse madzulo, kapu ya vinyo wofiira. Ankati dokotala wake ndiye anamuuza, amati umatsuka mitsempha ya mtima. Nanga azungu ndi opusa?"

"Ankamwa makapu angati?"

"Imodzi. Pa chakudya."

"Inu munaonapo munthu pano atagula kachasu wa kapu imodzi, n'kukamwera pa nsima, n'kukagona?"

Anthu anasekanso, koma funso la mkulu wa chipewa linali loyenera yankho lokwanira, chifukwa mzungu wakeyo sanapeke yekha. Kuyambira cha m'ma 1990 nkhani inafala dziko lonse kuti anthu a ku France sadwala mtima kwambiri chifukwa cha vinyo, ndipo akafukufuku ambiri anapezadi kuti omwa pang'ono ankaoneka athanzi kuposa osamwa konse. Vuto linali pa kawerengedwe. Tayesani kulemba mayina a amuna onse osamwa pa Chinguluwe. Mulembamo a mpingo ndi a ku mzikiti amene sanalawepo, koma mulembamonso uja analeka chifukwa cha shuga, uja analeka atagwa sitiroko, uja dokotala anamuletsa. Gulu la osamwa lidzaoneka lodwala, osati chifukwa chosamwa, koma chifukwa odwala ndiwo anathawiramo. Komanso m'maiko olemera, womwa kapu imodzi ya vinyo pa chakudya kawirikawiri amakhala wopeza bwino, wodya bwino, wokhala ndi dokotala wake.

Ofufuza atapeza njira yozemba msampha umenewu, chithunzi chinasintha. Ku China anthu ambiri amabadwa ndi thupi losagwirizana ndi mowa, akangolawa nkhope imafiira, ndiye amamwa pang'ono kapena samwa konse, kaya ndi olemera kaya osauka. Kafukufuku wa anthu oposa 500,000 kumeneko, amene anasindikizidwa mu 2019, anagwiritsa ntchito kusiyana kwachibadwa kumeneku, ndipo anapeza kuti BP ndi sitiroko zimakwera limodzi ndi muyeso wa mowa kuyambira pansi, popanda muyeso woteteza. Mu Januwale 2022 bungwe la World Heart Federation linanena poyera kuti palibe muyeso wa mowa umene uli wabwino ku mtima. Lipoti la WHO la mu 2024 linati m'chaka cha 2019 mowa unapha anthu pafupifupi 2.6 miliyoni padziko lonse, ndipo 474,000 mwa iwo anafa ndi matenda a mtima ndi mitsempha.

Adokotala sanatchule zonsezi. Anangoti, "Alamu, kapu imodzi ya mzungu wanuyo mwina sinamuphe. Koma sindiyo inamufikitsa zaka 80."

Mayi wa zitumbuwa anali atabwerera pa chiwaya chake, koma khutu linali kuno. "Boma linaletsa masacheti," anatero, "koma taonani timabotolo tili mbwee m'ngalandemo."

N'zoona. Masacheti analetsedwa mu 2015, ndipo mu 2017 dziko lino linakhazikitsa ndondomeko yake yoyendetsera nkhani za mowa, koma mowa waukali wotchipa unangosintha chovala. Mu Epulo 2024 anthu angapo ku Blantyre anamwalira atamwa mowa umene omwa okha anaupatsa dzina loti Ambuye nditengeni, ndipo wailesi zonse zinalengeza, apolisi anagwira anthu. Imfa ngati imeneyo imamveka chifukwa ndi ya tsiku limodzi. Mlongo wa mayi wa zitumbuwa anafa pang'onopang'ono zaka 20, ndipo pa maliro ake anangoti anadwala nthawi yaitali. Sindingathenso kuloza chala amayi otcheza kachasu ngati kuti iwo ndiwo gwero. Ndikudziwa ana amene anafika Fomu 4 ndi ndalama za mgolo umenewo, mayi wawo alibe munda wokwanira kapena mwamuna womuthandiza. Koma ndalama ya fizi ya mwana wa uyu ikuchokera m'chifuwa cha bambo wa mwana wa uyo, m'mudzi umodzi womwewo, ndipo zimenezi sitizikamba.

Bambo wina wochepa thupi, amene anakhala chete nthawi yonseyi kumapeto kwa benchi, anakhosomola.

"Adokotala, ine ndimalandira mankhwala a BP pa chipatala chathu pompa. Anandiuza kuti mankhwala ndi mowa siziyenderana. Ndiye ine ndimamvera. Lachisanu ndi Loweruka mankhwala ndimasiya, ndimayambiranso Lolemba."

Adokotala anagwira mutu ndi manja onse awiri.

"Achimwene, mwasiya cholakwika! Mukuchotsa mlonda usiku womwe mwaitana akuba. Lamulungu lanu, mowa ukukweza BP, mankhwala mulibe m'thupi. Mankhwala amenewo ndi a tsiku lililonse, osadumphitsa. Mukapitanso, mukawauze anamwino zoona, kuti ndimamwa mwakuti, masiku akuti. Sakumenyani."

Kenako anachenjeza za mbali inayo, ndipo anatsindika. Munthu amene amamwa kwambiri tsiku lililonse, amene m'mawa manja amanjenjemera mpaka atalawa, asangosiya mwadzidzidzi ali yekha kunyumba. Thupi lozolowera limatha kugwa khunyu, munthu kuona zinthu zoti palibe, mtima kuthamanga koopsa. Wotereyo apite kuchipatala akamuthandize kusiya, mankhwala ake alipo.

"Nanga ine, adokotala?" anafunsa wakabaza uja. Anali atakhala pansi tsopano, dzanja likadali pachifuwa.

"Iwe lero supalasa njinga. Upite pa chipatala pompano, asanaweruke. Akakuyeze BP, akamvetsere mtima. Akaona kuti sukubwerera, akutumiza ku Salima, mwina mpaka ku Kamuzu Central ku Lilongwe, akakujambule kagundidwe kake. Ukamva kupweteka pachifuwa, chizungulire, dzanja kuchita dzanzi, lilime kulemera, usadikire kuti kuche."

"Ukabwerera mwakale ndiye kuti ndachira?"

"Ndiye kuti wakuchenjeza. Ukayamba kamodzi, njira waidziwa. Ukaupatsanso mowa ubwereza, ndipo tsiku lina sudzabwerera."

Pa mfundo imeneyi pali umboni wooneka. Ku Australia madokotala anatenga anthu 140 omwa mowa amene mtima wawo unkasokonekera chonchi, n'kuwagawa pawiri. Gulu lina analipempha kusiya mowa miyezi 6, lina linapitiriza monga mwa masiku onse. Zotsatira zinatuluka mu 2020: mwa opitiriza kumwa, vutoli linabwerera kwa 73 mwa 100, pamene mwa osiya linabwerera kwa 53 mwa 100, ndipo linkachedwa kubwera. Kusiya sikunachiritse onse, koma palibe sitolo pa Chinguluwe imene ingagulitse mankhwala oposa pamenepo, ndipo awa ndi aulere.

Adokotala anatola kachikatoni ka sopo pansi, n'kubwereka bolopeni kwa ine. Analembapo nambala ija, 128, nthawi imene anawerenga, ndi mawu awiri atatu a Chingerezi. "Ukawapatse amene akakuone."

Mnyamatayo anaimirira, n'kupisa m'thumba la buluku. Anatulutsa ndalama zokulungakulunga, zotsala za thonje, n'kuziyang'ana kanthawi. Kenako anapita kwa mayi wa zitumbuwa.

"Mayi, akazi anga adutsa pano pochokera ku chigayo. Muwapatse izi. Muwauze kuti ndili ku chipatala, asadandaule."

Mayiyo anamanga ndalamazo pa mfundo ya chitenje, osanena kanthu. Mnzake uja anali atatenga kale njinga yake kwa wokonza. Anagugudza pa khushoni ya kumbuyo. "Kwera, aise. Lero ndiwe kasitomala." Ananyamuka pang'onopang'ono, wapambuyoyo atagwira kachikatoni m'dzanja limodzi, mwera ukuwakankha chammbali.

Tayala langa linali litatha kumatidwa. Wokonza njinga analipopa, n'kulidina ndi chala, n'kunditchulira mtengo. Adokotala anali atatolanso njere zawo m'dzenje muja.

"Alamu, ndi inu. Seweranitu."

Mkulu wa chipewa sanayankhe. Manja ake onse awiri anali pansi pa thabwa la bawo. Ndikukankha njinga kudutsa kumbuyo kwake ndinaona zala zitatu zili pamkono, m'munsi mwa chala chachikulu, milomo ikuyenda pang'onopang'ono, akuwerenga.